Rihab ndi Tinkhono Tosusuka

Rihab anali ndi ndowa yaing'ono yobiriwira. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuidzaza yekha, mpaka pakamwa.

Rihab ndi mwana wamkazi wa mlongo wanga Mabruka. Ine ndine malume ake, Mongi, uja wa lole yofiira. Ndayenda ine. Ndasenza katundu ku Tripoli. Ndatsuka mbale m'sitima ya pamadzi mpaka ku Marseille. Ndaona ana ambiri ochenjera. Koma wonga Rihab wathu sindinamuone. Tamverani.

Kwathu kuno, kufupi ndi Gabes, nyanja imachoka. Imapita kutali, kutali. Imasiya mchenga wonyowa ndi timadzi tosaya. Kenako imabwerera. Pobwerera siodira.

Nyanja ikachoka, amayi amapita kukakumba gafala. Gafala ndi nkhono ya zigoba ziwiri. Imatseka ngati manja awiri ophatikiza. Imabisala mumchenga. Pamwamba imasiya timaenje tiwiri, ngati timaso. Ukaona timaenje tiwiri, kumba.

Tsiku limenelo linali Lamlungu. Kusukulu kunali kotseka. Kunkazizira. Ndinanyamula amayi a m'mudzi pa lole yanga. Rihab anakwera ndi ndowa yake. Mlongo wake wamng'ono, Firas, anakweranso. Firas analibe ndowa. Iye anali ndi buledi. M'kati mwa buledi munali nsomba ndi tsabola.

Firas amakonda kudya. Pakhomo timamutcha Kamimba.

Titafika kunyanja, ndinaliza hutala ya lole. Pooo! Pooo! Amayi anatseka makutu. Mabruka anati ndithawitsa gafala zonse. Ndinamuuza kuti hutala yangayi imamveka mpaka ku Sfax. Iye anati pakamwa panga pamamveka kupitirira apo. Amayi onse anaseka.

Kenako Mabruka anapatsa Rihab kachikwakwa kokumbira. Anamugwira chibwano.

"Kumba imodzi, dzutsa mutu," anatero amayi ake. "Kumba ina, dzutsanso mutu. Wamva?"

"Ndamva, Amayi."

Lamulo limeneli ndi lakale. Wokumba gafala amayenda chowerama. Maso ake amakhala pamchenga. Amaiwala kumwamba. Amaiwala nyanja.

Ine ndinatsala pa lole. Iwo anayamba kuyenda. Mabruka patsogolo, Rihab pakati, Firas pambuyo. Anayenda, anayenda. Madzi anali akuchokabe. Timadzi tinkatsetsereka pang'onopang'ono kupita kunyanja.

Firas analuma buledi wake. Kachidutswa ka nsomba kanagwa. Kanagwera m'timadzi tosaya. Firas anawerama kuti atole. Rihab anamugwira mkono.

"Dikira, Kamimba. Taona."

Mchenga unagwedera. Kanthu kanatulukira, kakang'ono ngati kachitamba ka njovu. Kananunkhiza uku. Kananunkhiza uko. Kenako kankhono kanatuluka konse. Kanali ndi chigoba chopota, chosongoka. Kena kanatulukanso. Kenanso. Kenanso.

Tinkhono tinathamangira nsomba ija. Tinathamanga monga mmene nkhono imathamangira. Tinakwerana pamsana. Tinakankhana. Tinadya, tinadya. Posakhalitsa panatsala kafupa koyera.

"Akuba," anatero Firas.

"Abale ako," anatero Rihab. "Nawonso ndi a Kamimba."

Mabruka anati tinkhono timeneto ndi tosesa m'nyanja. Sitisaka nyama yamoyo. Timagona mumchenga, kachitamba kali kunja. Timadikira fungo la chakufa. Nkhanu ikafa, timadya. Nsomba ikafa, timadya. N'chifukwa chake mchenga wathu sununkha.

Rihab anayang'anitsitsa. Anaona chinthu chachilendo. Tinkhono tonse tinachokera mbali imodzi. Tinachokera mbali ya kunyanja. Mbali ya kumtunda sikunatuluke ngakhale kamodzi.

Anafunsa amayi ake chifukwa chake.

"Fungo lilibe miyendo, mwanangu," anatero Mabruka. "Limapita kumene madzi akupita. Tiye, gafala sizidikira."

Anafika pa mpanda wakale wa nsomba. Ndi mpanda wa nthambi za kanjedza, wozikidwa mumchenga. Pamenepo anayamba kukumba.

Rihab anaona timaenje tiwiri. Anakumba. Gafala! Anaiponya m'ndowa. Inalira kuti kho. Anadzutsa mutu. Mpanda uli apo. Amayi ali apo. Lole yofiira ili uko, yaing'ono ngati nyerere.

Anaonanso timaenje tiwiri. Anakumba. Kho. Anadzutsa mutu.

Mabruka ndi wamanja achangu. Ndowa yake inadzaza msanga. Anati aisenze akaisiye ku lole. Anauza ana kuti asachoke pa mpanda. Anati abwera pompano. Anasenza ndowa, napita.

Rihab anayang'ana ndowa yake. Inali isanafike ndi pakati pomwe.

Kutsogolo pang'ono kunali timaenje tiwiri. Anapita. Anakumba. Kho. Kutsogolo kwake kunalinso timaenje tiwiri. Kho. Kenako tina. Kenako tinanso. Timaenje tinali ponseponse. Rihab anali asanaonepo gafala zambiri chonchi.

Kho. Kho. Kho.

Firas ankamutsatira. Ankaloza timaenje ndi chala, buledi ali kukamwa.

Rihab sanadzutse mutu. Anakumba ina, sanadzutse mutu. Anakumba inanso, sanadzutse mutu.

Ndowa inalemera. Gafala zinafika pakamwa. Rihab anaseka. Ndowa yadzaza! Wadzaza yekha.

Pamenepo anadzutsa mutu.

Mpanda panalibe. Lole kunalibe. Dzuwa kunalibe. Kunali chifunga chokhachokha. Chinali choyera ngati thonje. Kutsogolo kuli mbuu. Kumbuyo kuli mbuu. Kumanja mbuu, kumanzere mbuu.

"Amayi ali kuti?" anafunsa Firas.

Rihab anati atsatire mapazi awo. Anayang'ana pansi. Mapazi panalibe. Madzi anali atawafufuta. Madzi anali ataphimba zala zawo zakumapazi.

Nyanja inali ikubwerera.

Rihab anaitana amayi. Firas anaitana amayi. Chifunga chinameza mawu awo. Palibe anayankha.

Kumtunda, ifenso tinali pamoto. Chifunga chinatigwera mwadzidzidzi. Mabruka anataya ndowa pansi. Anathamangira ku mpanda uja. Sanapeze ana. Amayi onse anasiya kukumba. Anagwirana manja, napanga mzere wautali. Analowa m'chifunga akuitana. Ine ndinakwera m'lole. Ndinaika dzanja pa hutala. Sindinalichotsepo.

Koma ana anali kutali kwambiri. Sanamve kanthu.

Firas anafuna kuthamanga. Analoza uku, nati kumtunda n'kumeneko. Kenako analoza uko. Kenako anayamba kulira.

Rihab anamugwira dzanja. Ankadziwa chinthu chimodzi. Akalowera kolakwika, alowera kunyanja yakuya.

Anayang'ana madzi. Madzi ankaoneka ngati aima. Anathyola kaudzu ka m'nyanja, nakaika pamwamba. Kaudzu kanazungulira. Kanazunguliranso. Sikanaloze kulikonse.

Madzi anafika m'kakolo.

Pamenepo Rihab anaona kachitamba. Kanali pafupi ndi phazi lake. Kananunkhiza uku. Kananunkhiza uko.

Fungo lilibe miyendo.

"Kamimba, patse nsomba."

Firas anabisa buledi kumbuyo. Panatsala kachidutswa kamodzi kokha. Anati ndi kake. Anati ali ndi njala.

"Patse, Firas. Tikufuna kufunsa njira."

Rihab samutchula dzina lenileni kawirikawiri. Firas anamuyang'ana kumaso. Kenako anatambasula dzanja.

Rihab anatulutsa nsomba m'buledi. Anaiika pansi pa madzi. Anaipsinja ndi gafala kuti isayandame. Ana awiri ananjuta. Anadikira.

Palibe chinachitika.

Madzi anali ozizira. Firas ankanjenjemera. Rihab anamuuza kuti asagwedeze mapazi. Anadikirabe.

Mchenga unagwedera. Kankhono kanatuluka. Kena kanatuluka. Kenanso. Tonse tinachokera mbali imodzi. Tinachokera kumanja kwa Rihab.

Firas analumpha. Anati wakumbuka. M'mawa tinkhono tinachokera kunyanja. Ndiye kumanjako ndi kunyanja. Ayenera kuthawira kumanzere. Anayamba kukoka mlongo wake.

Rihab anaponda phazi limodzi kumanzere. Kenako anaima.

"M'mawa madzi amapita kuti?" anafunsa.

"Kunyanja."

"Nanga pano akupita kuti?"

Firas anayang'ana miyendo yake. Madzi anali atadutsa kakolo.

"Akubwera," anatero motsitsa.

"Akubwera kumtunda. Fungo lapita nawo. Tinkhono tamva fungo tili mbali ya kumtunda. Tipite kumene tinkhonoti tachokera."

Firas anafunsa ngati akunenetsa. Rihab sanali wotsimikiza kwenikweni. Koma anagwira ndowa ndi dzanja limodzi. Anagwira Firas ndi dzanja lina. Analowera kumanja.

Chuvu, chuvu, chuvu. Anayenda.

Madzi anayamba kuchepa. Anatsika kufika m'kakolo. Anatsikanso kufika m'zala. Rihab anapuma. Njira ndi yomweyi.

Koma m'chifunga munthu sayenda mowongoka. Mapazi amakhota okha. Posakhalitsa madzi anakweranso. Kutsogolo kuli mbuu. Kumbuyo kuli mbuu. Rihab sanadziwenso kumanja kuja kuli kuti.

Nsomba inali itatha. Buledi tinkhono sitikanamufuna.

Rihab anayang'ana ndowa yake. Inali yodzaza bwino. Inali yodzaza mpaka pakamwa. Amayi anali asanaione. Amalume anali asanaione.

Anatola gafala yaikulu. Anaitsegula ndi nsonga ya kachikwakwa. Anang'amba nyama yake. Anaiika pansi pa madzi.

Ana awiri ananjuta. Anadikira.

Kachitamba. Kankhono. Kena. Kenanso. Tonse tinachokera mbali imodzi.

"Uko," anatero Rihab.

Chuvu, chuvu, chuvu.

Anayenda pang'ono. Anaima. Rihab anatsegula gafala ina. Tinkhono tinatuluka. Tinkhono tinaloza.

Anayendanso pang'ono. Anaimanso. Ulendo uno tinkhono sitinatuluke. Mchenga wa pamenepo unali wolimba gwa. Munalibe tinkhono. Rihab anasuntha pang'ono. Anatsegula ina. Palibe. Anatsegula inanso. Madzi anafika m'katumba. Firas anamugwira chovala mwamphamvu.

"Bwerani, a Kamimba," Firas ananong'oneza tinkhono. "Chakudya chapsa."

Kankhono kamodzi kanatuluka. Kanali kakang'ono kwambiri. Kanakwawa pang'onopang'ono. Pambuyo pake panabwera tiwiri.

"Uko," anatero Firas.

Chuvu, chuvu, chuvu.

Kenako anamva kanthu. Kanali kutali, kutali. Kanali ngati ng'ombe yolira m'chitsime.

Pooo.

"Amalume!" anatero Firas.

Inde, ndinali ine. Ndinakuuzani za hutala yanga.

Koma chifunga chimasewera ndi mawu. Hutala inkamveka kutsogolo. Inkamvekanso kumbuyo. Firas analoza uku. Kenako analoza uko. Rihab anati asakhulupirire makutu okha. Anatsegulanso gafala. Anafunsanso tinkhono.

Anayenda. Hutala inakula. Pooo! Pooo!

Mwadzidzidzi mchenga unatsetsereka. Kutsogolo kwawo kunali ngalande. M'mawa inali youma. Tsopano inali yodzaza madzi. Madzi ake ankathamanga.

Rihab analowetsa mwendo. Madzi anamufika m'bondo. Anapondanso. Anamufika m'ntchafu. Kwa Firas akanafika pachifuwa.

Rihab anabwerera. Anayang'ana Firas. Anayang'ana ndowa. Inali yolemerabe. Sakanatha kunyamula zonse ziwiri.

Kumbuyo kwawo madzi ankakwera.

Rihab anapendeketsa ndowa. Gafala zinakhuthuka. Zinagwera m'madzi, zonse. Zinamira.

Anapatsa Firas ndowa yopanda kanthu. Anamupatsanso kachikwakwa.

"Kwera kumsana. Uziimba ndowayi ndi chigwiriro cha kachikwakwa. Usasiye."

Firas anakwera. Anali wolemera. Buledi yense uja anali m'mimba. Rihab analowa m'ngalande.

Ngo! Ngo! Ngo! inalira ndowa.

Madzi anafika m'bondo. Madzi anafika m'ntchafu. Ankamukankha miyendo. Matope ankamugwira mapazi. Nsapato imodzi inatsalira pansi. Rihab sanaitole.

Ngo! Ngo! Ngo!

Madzi anafika m'chiuno. Rihab anaterera. Firas anasiya kuimba.

"Usasiye," anatero Rihab. Mano ake ankagundana.

Ngo! Ngo! Ngo!

Kutsogolo kunamveka mawu. Anali mawu a amayi ambiri. Mawu amodzi anali apamwamba kuposa onse.

"Rihab! Firas!"

M'chifunga munatuluka dzanja. Linali lozizira, lamatope. Linagwira Rihab pamkono. Linali dzanja la Mabruka. Kumbuyo kwake kunali mayi wina. Kumbuyo kwa ameneyo kunali winanso. Mzere wonse unakoka. Ana awiri anatuluka m'ngalande.

Mabruka anagwada m'madzi momwemo. Anawakumbatira onse awiri. Anawanunkhiza m'mutu. Anawakumbatiranso.

Atafika pa lole, ndinavula jekete yanga yaikulu. Ndinawafunditsa onse awiri pamodzi. Dzanja langa linali litachita dzanzi ndi hutala. M'maso mwanga munalowa mchere wa m'nyanja. Amayi anandiseka. Anati mchere umenewo aona bwino kumene wachokera.

Tinayang'ana kumbuyo. Chifunga chinayamba kung'ambika. Pamene panali mchenga panali nyanja yokhayokha. Mpanda wa kanjedza unangotsala nsonga.

Panjira Rihab anatiuza zonse. Anatiuza za nsomba ya Firas. Anatiuza za tinkhono. Kenako anayang'ana m'ndowa yake.

"Amayi, inadzaza," anatero. "Inadzaza mpaka pakamwa. Koma sindinadzutse mutu."

"Ndikudziwa, mwanangu."

"Tsopano mulibe kanthu."

Mabruka anatenga ndowa ija. Inali itaphwanyika mbali imodzi chifukwa choimbidwa. Anaitembenuza uku ndi uku.

"Gafala zikadali mumchenga," anatero. "Zidzakudikira. Lero wandisenzera Kamimba. Ameneyu salowa m'ndowa."

Firas anapisa dzanja m'thumba la kabudula. Anatulutsa gafala imodzi. Anati anaibisa kuti akadye kunyumba. Anaiponya m'ndowa ya mlongo wake.

Kho.

Rihab anaseka. Anaseka misozi ili m'masaya.

Madzulo tinadya kwa Mabruka. Anaphika kusikusi, chakudya chathu cha tirigu, ndi nsomba za tsabola wambiri. Ana anakhala pafupi ndi mbaula, atafunda bulangeti. Gafala imodzi ija anaiphika payokha. Anaiika pa kambale, pamaso pa Rihab. Rihab anaigawa pakati. Theka anapatsa Firas.

Ine ndinauza aliyense kuti hutala yanga ndiyo yapulumutsa ana. Firas anapukusa mutu. Anati ndi tinkhono. Ndinati chabwino, tinkhono ndi hutala. Mabruka anati ndi Rihab, tinkhono, ndowa, amayi a m'mudzi, kenako hutala. Ndinavomera. Munthu woyenda amadziwa polekera mkangano.

Titadya, Rihab anatola mutu wa nsomba. Anaukulunga m'pepala. Anati Lamlungu akapatsa tinkhono, eni ake a njira.

Firas anayang'ana mbale yake. Munatsala nsomba imodzi yonona. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Ananyambita milomo.

Kenako anainyamula. Anaiika m'pepala la Rihab.

"Iyi ndi ya kakang'ono kaja," anatero.